Nsima inazizira chifukwa cha masekondi atatu

Anaphiri, Mishawaka:
Mwadzuka bwanji nonse pa gulu pano. Ndimati ndidikire mtima ukhale pansi ndisanalembe, koma mpaka pano sunakhale, ndiye mungondipirira. Choyamba zikomo nonse amene munabwera dzulo kudzadya nafe Pasaka wa 2018 kuno ku Indiana, ku America. Tinalipo 23 kuwerenga ndi ana omwe. Amene mwasiya mbale yagalasi ya chivindikiro chofiira, ili kuno. Kajekete kamwana kobiriwira kalinso kuno.

Tsopano nkhani yanga. Thobwa lija munkalitamanda ndinaphika Lachisanu nditangochoka ku Njira ya Mtanda. Loweruka m'mamawa, kuzizira kuja, tinapita ndi bambo a kuno kwa alimi a chi Amish cha ku Nappanee kukagula mbuzi, kubwerako n'kuyamba kuduladula mpaka madzulo. Usipa munaumaliza uja unabwera mu sutikesi kuchokera kumudzi mu January, ndimausunga ngati mankhwala. Dzulo nditachoka ku Misa ndinalowa m'khitchini 12 koloko. Tinapangana kuti tidya 5 koloko. Inu munayamba kugogoda 6 koloko itadutsa, ndipo aliyense akangovula nsapato ankalunjika pabalaza, moni wake wa chapatali, maso ali pa TV.

Nsima siphikidwa alendo asanafike, mukudziwa. Tinathira ufa mpira uli pa kupuma, mapoto awiri, ine ndi alamu anga a ku Niles, mikono mpaka kuchita dzanzi ndi mthiko. Taomola, mitanda ili mbwee patebulo, nthunzi ili tolotolo, ndapita kukaitana. Bambo a kuno osacheuka n'komwe: "Zangotsala mphindi ziwiri amayi." Abale anga, mphindi ziwiri za basketball si mphindi ziwiri za anthu. Athamanga pang'ono, wezulo. Aima, akambirana, otsatsa malonda abwera, abwereranso, wezulo. Ndinapita katatu. Kachitatu ndinatenga rimoti n'kuchotsa mawu, ndikuti aMbewe, tipempherereni chakudya. Zotsalazo anene okha amene anachita.

Funso langa ndi ili: chaka chamawa TV tizimitse, kapena aliyense adyere kwake?

Abanda, Mishawaka:
Amayi, nkhani ya m'nyumba mpaka pa gulu? Tikanakambirana usiku.

Anaphiri, Mishawaka:
Usiku wake uti? Mpaka 1 koloko munali pa foni kuonera chigoli chomwe chija mobwerezabwereza.

Malume a ku Zomba:
Kkkkk ndafika bwino. Kuno lero ndi holide, Lolemba la Pasaka, ndakhala pakhonde ndi tiyi, nthawi ndili nayo. Fotokozani bwino, chinachitika n'chiyani pa pemphero? Ife usiku tinangoona mafoni akulira pa gulu cha m'ma 2 koloko, wina walemba "YALOWA" kasanu ndi kawiri, popanda kunena chomwe chalowa. Akazi anga anadzuka n'kumati mwina kwagwa zovuta.

Ambewe, South Bend:
Ndiyankhe ndine, popeza ndine ndinachitidwa. Ndakhala ndikutsogolera mapemphero zaka zoposa 30, kumudzi ndi kuno. Ndapempherapo mvula ikugwa pa malata osamvana, ndapempherapo mbuzi italowa m'tchalitchi. Koma sindinadulidwepo pakamwa ngati dzulo. Ndinali nditangothokoza chifukwa cha kuuka kwa Ambuye, ndikulowa kwa odwala, ndisanafike n'komwe pa manja amene akonza chakudya. Ndangomva kukuwa kumbuyo kwanga, mpando gubudu, kapu ya Sobo pansi. Kutsegula maso, ndapeza kuti wotsinzina ndinali ine ndekha ndi amayi a kukhitchini. Abambo onse mitu inali yowerama, inde, koma diso limodzi lili pa kanema.

Sindikudana ndi masewero. Koma tsiku la Pasaka ndi limodzi pa chaka, ndipo ana athu akuona. Mwana amene waona bambo ake akudumpha pakati pa pemphero mudzamuuza chiyani mawa akamaseweretsa foni m'tchalitchi?

Abanda, Mishawaka:
Akulu a mpingo, ndapepesa dzulo, ndikupepesanso pano pamaso pa onse. Koma choonadi chinenedwe, woyamba kukuwa sindine. Ndi mwana wanga wamkazi uyu. Ine ndinangomuthandiza.

Amalume, kuti mumvetse. Notre Dame ndi yunivesite ya Akatolika ya konkuno, kuchoka pakhomo panga mpaka pageti pake ndi mphindi 15 pagalimoto. Timu yawo ya atsikana imasewera ndime yomaliza ya chikho cha makoleji a dziko lonse ku Columbus, Ohio, ndi Mississippi State. Chigawo choyamba chinali chamanyazi. Kota yachiwiri yonse, mphindi 10, atsikana athu anapeza mapointi 3 okha. Atatu! Popita kopuma zinali 30 kwa 17, ndipo pena anatsalira ndi 15. Ine ndinali nditataya kale mtima, mpaka ndinapita kukhitchini kukafunsa ngati pali chothandiza.

Anaphiri, Mishawaka:
Munabwera kudzatola chiwindi m'poto. Musanamize anthu.

Abanda, Mishawaka:
Chabwino. Atabwerako anayamba kukwera pang'onopang'ono mpaka kufanana. Zitatsala mphindi zosakwana ziwiri zija amayi akunenazi, Mississippi inali patsogolo 58 kwa 53. Marina Mabrey anaponya ya mapointi atatu, yoyamba ya timu yathu usiku wonse. Jackie Young anabweza, 58 kwa 58. Kenako chimtsikana chawo chachitali, Teaira McCowan, chimene chinatizunza usiku wonse, chinaphonya chili pansi penipeni pa ukonde, ndipo posakhalitsa chinalakwa kachisanu n'kutulutsidwa. Wotchi inaima pa masekondi 3. Nthawi imeneyo ndi imene rimoti inalandidwa. Ndiye tangoganizani: maso mwatseka, koma mukudziwa kuti m'chipinda momwemo, mwakachetechete, chikho chikugamulidwa. Young anapatsira Arike Ogunbowale, iye anathawira kungodya ya kumanja, munthu atamumatirira, n'kuponya thupi litapendekeka ngati akugwa. Mpira uli m'malere, nthawi ikutha. Unalowa osakhudza chitsulo. 61 kwa 58. Inu mukanatani?

Malume a ku Zomba:
Ine ndikanamaliza pemphero, kkkk. Koma ndifunse, osati mwachipongwe. Amenewa si ana asukulu? Kuno Chanco ikamasewera ndi Poly amakuwa ndi ophunzira okhaokha, ife akuluakulu sitidziwa n'komwe. Anthu aimvi zanu kulekerera nsima ya ufa woyera chifukwa cha mpira wa ana asukulu, zikutheka bwanji? Akanakhala Bullets ndi Noma ndikanamvetsa.

Amwale, Berrien Springs:
Amalume, nanenso ndinafika kuno ndi maganizo omwewo. Kuno koleji ndi fuko la munthu. Amene anaphunzira pamenepo, ana ake, adzukulu ake, ngakhale wongokhala tauni yomweyo, onse amavala mtundu wa sukuluyo mpaka kumanda. Bwalo la mpira wachimereka la Notre Dame limalowa anthu pafupifupi 78,000, pamene Bingu Stadium yathu ndi cha m'ma 40,000. Ndipo limeneli ndi bwalo la sukulu. Mwezi wa March wonse dziko limapenga, amautcha March Madness. Chaka chino cha 2018 matimu ndi 68 a anyamata, 64 a atsikana, ukagonja kamodzi basi wapita kwanu. Kuntchito aliyense amadzaza pepala lolosera opambana kuyambira ndime yoyamba mpaka yomaliza, ngakhale mayi wa ku akaunti amene sadziwa kuti mpira wake ndi wozungulira. Langa linafa sabata yoyamba, pamene Virginia, imene inali nambala wani, inamenyedwa 74 kwa 54 ndi kasukulu kotchedwa UMBC. Zinali zisanachitikepo kwa anyamata kuti timu ya nambala 16 igwetse ya nambala wani. Ndiye ndinganene kuti ku Indiana matendawa ndi aakulu kuposa kwina konse, ngakhale masewero a kusekondale amadzaza holo.

Koma pa nkhani ya pemphero ndili mbali ya aMbewe, ndipo ndili ndi ufulu wolankhula. Loweruka timu yanga ya anyamata ya Michigan imasewera ndi Loyola ya ku Chicago itangokwana 6 koloko madzulo. Dzuwa kuno pano likulowa cha m'ma 8. Sabata linali lisanathe. TV sindinayatse, foni ndinaika m'dirowa. Anzanga a kuntchito anatumiza mauthenga osawerengeka, sindinatsegule. Dzuwa litalowa, tatseka Sabata, ndi pomwe ndinaona kuti tapambana 69 kwa 57. Sindinafe. Ngati ine ndinapirira maola awiri, aBanda akanalephera bwanji mphindi imodzi?

Abanda, Mishawaka:
Mphindi imodzi? Pemphero la aMbewe?

Ambewe, South Bend:
Ndakumvani.

Anangozo, Elkhart:
Kkkkkk aBanda mudzafa imfa yowawa. Ine ndangodzuka kumene, ndinagwira mashifiti awiri dzulo, paja pa holide malipiro amakwererako ndiye sitikana. Pepani aNaphiri sindinabwere, koma mbale yanga ndikuyembekeza kuti mwasunga.

Mpirawo ndinaonera kuntchito, kunyumba yosamalirako okalamba, ndi agogo amene ndimawasamalira. Titawadyetsa chamadzulo tinawakankhira onse m'chipinda cha TV, njinga zawo za olumala ndandanda ngati basi. Pali agogo ena aamuna, zaka zapitirira 90, masiku ambiri sakumbuka ngati adya, dzina langa ndimawauza m'mawa uliwonse. Amafunda kabulangete ka Notre Dame kothetheka m'mbali, ukakachapa amalira. Dzulo atsikana atatsalira ndi 15 ndinati agogo, tiyeni mukagone. Anandigwira dzanja n'kuyamba kundifotokozera za 2001, mwatsatanetsatane: kuti linalinso tsiku la 1 April, kuti ankasewera ndi Purdue ya mu Indiana momwemuno, kuti Ruth Riley anaponya mipira iwiri yaulere kumapeto n'kupambana 68 kwa 66. Ine ndimangoti eya agogo, ndikuganiza kuti ndi zosokonekera zawo. Mnzanga anayang'ana pa foni, zonse zoona, mpaka zigoli. Chigoli cha Arike chitalowa, agogo aja anafuna kuimirira, munthu woti sanaime yekha chaka chonse. Tinachita kuwagwira awiri. Ena akulira, ena akuomba m'manja osadziwa chomwe chachitika, belu la m'chipinda china likulira, ife osalimva. Powagoneka anandifunsanso dzina langa.

Ndiye aMbewe, sindikutsutsa za pemphero. Ndikungoti kwa anthu ena kuno, Pasaka wawo dzulo anali yemweyo. Ana awo ambiri sanabwere.

Ambewe, South Bend:
Mwalankhula bwino mayi. Zimenezo zandikhudza. Koma agogowo sanali pakati pa pemphero.

Achimwene a ku Indianapolis:
Moni nonse. Ine ndilankhule zimene simukufuna kumva. Chikho chija mwachita kupatsidwa. Masekondi angapo chigoli chisanalowe, Morgan William wa Mississippi akuthamanga ndi mpira pakati pa bwalo, Mabrey anamugunda mpaka kugwa. Oyimbira atatu onse ali pomwepo, wezulo osalira. Akanaimba, Mississippi ikanakhala ndi mpira, ndipo nkhani ya nsima ya aNaphiri sitikanaimva. Mwana uja ndi wamfupi kuposa onse, chaka chatha ndi yemwe anaponya chigoli chothetsa ulamuliro wa UConn, timu ya yunivesite ya Connecticut, itapambana masewero 111 motsatizana. Zaka ziwiri zotsatizana kufika ndime yomaliza, zaka ziwiri kubwerera chimanjamanja. Ine mtima unandiwawa.

Abanda, Mishawaka:
Achimwene, inu vuto lanu si Mississippi. Simudziwa n'komwe kuti Starkville, kwawo kwa timuyo, ili mbali iti. Vuto lanu ndi lakuti mwana wanu ali ku Purdue ndipo 2001 ikukuwawanibe. Mabrey anapita pa mpira. Ndipo musaiwale kuti atsikana athu anayi anali kunja chifukwa choduka mitsempha ya m'bondo, Brianna Turner sanasewere n'kamodzi komwe. Kochi wathu Muffet McGraw ankasinthanitsa anthu asanu ndi mmodzi okha, ena akusewera mphindi zonse 40. Mayi ameneyu anagonja ndime yomaliza kanayi, 2011, 2012, 2014 ndi 2015. Ngati pali woti amveredwe chisoni, anayamba ndi iyeyo.

Achimwene a ku Indianapolis:
Ndaonera kasanu. Anamugunda.

Anankhoma, Leeds:
Abambo inu mwayambanso, nkhani ya aNaphiri mwaikwirira. Ine ndikuwerenga kuchokera kuno ndipo chimene ndikuona n'chimodzi: anthu 23, ophika angati? Kuno timachita chimodzimodzi pa Boxing Day, amuna pa mpira wa Premier League, ife pa sinki, chaka ndi chaka. Chaka chatha ndinangoika mapoto patebulo n'kukhala pansi nawo limodzi. Anadabwa ngati aona njoka m'nyumba.

Komanso mpira wakewu ndi wotani? Ndinayesa kuonera kachidutswa kamene munatumiza, ndikuona ngati netball yopanda mwambo. Munthu akuthamanga ndi mpira bwalo lonse, wina aliyense akuponya, palibe GS palibe GK.

Nabanda wamng'ono, South Bend:
Azakhali, ndi pachibale ndithu, netball inachokera ku basketball. Kusiyana kwake, kuno ndi asanu mbali iliyonse osati asanu ndi awiri, aliyense amapita paliponse, ndipo ukhoza kuyenda ndi mpira bola uziwugunditsa pansi. Ukaponya uli pafupi ndi mapointi awiri, uli kunja kwa mzere wokhota uja ndi atatu. Timu ili ndi masekondi 30 kuti iponye, apo ayi mpira upita kwa anzawo.

Ndipo inde, ndine ndinakuwa. Agogo aMbewe pepani kwambiri, sindinachitire dala, pakamwa panangotseguka pokha. Koma ndinenepo chimodzi, Chichewa changa mundikhululukire. Ine ndinayamba kukuwa Lachisanu. UConn inali isanagonje chaka chonse, masewero 36, ndipo Arike yemweyo anawaponyera chigoli itatsala sekondi imodzi mu nthawi yoonjezera, 91 kwa 89, katswiri wa basketball Kobe Bryant atakhala pampando wakutsogolo akuonera. Zigoli ziwiri zotero, Lachisanu Loyera ndi la Pasaka, munthu mmodzi. Bambo ake ndi a ku Nigeria, iye anakulira ku Milwaukee. Dzina lake azungu amavutika nalo ngati mmene amavutikira ndi langa, koma lero dziko lonse laphunzira kulitchula. Kwa ine zimenezo si zazing'ono.

Amalume anafunsa kuti bwanji ana asukulu. Mpaka chaka chino cha 2018 atsikanawa salandira malipiro, koma sukulu imawalipirira zonse, fizi, chakudya, pogona, ndipo pa Notre Dame zimenezo ndi pafupifupi madola 70,000 pa chaka mu 2018 muno. Kale mwayi umenewu unali wa anyamata okha. Mu 1972 kunabwera lamulo lotchedwa Title IX, loti sukulu yolandira ndalama za boma isasankhe pakati pa mwamuna ndi mkazi, ndi pa masewero pomwe. Chikho cha anyamata chinayamba 1939, cha atsikana cha NCAA, bungwe la masewero a makoleji, chinayamba 1982. Ndiye dzulo ine ndimayang'ana pabalaza: amuna 9 akukuwira atsikana pa TV, amayi onse ali kukhitchini. Ndinapita kawiri kukawaitana amayi, anandithamangitsa kuti ndikusokoneza.

Anaphiri, Mishawaka:
Iwe, unangoti "amayi bwerani mudzaone." Sunanene kuti ndidzaone chiyani.

Popeza mwana wayamba, ndinene zoona zonse. Chimene chandisowetsa tulo si nsima. Nsima ndaphika moyo wanga wonse, ina imazizira, ina imapserera. Ine sabata yonseyi ndimamva bambo a kuno akuti Notre Dame, Notre Dame, ndimaganiza kuti ndi anyamata aja ovala zipewa zachitsulo. Palibe anandiuza kuti ndi atsikana. Ndinazindikira pomwe ndinatsegula maso pa phokoso lija, ndikuona ana aakazi aunjikana pansi akulira, ndi mayi wamkulu ngati ine, atavala siketi ndi nsapato zazitali, akukumbatira aliyense. Ndinafunsa kuti mayiyo ndi ndani, akuti ndiye kochi.

Inu simukudziwa, ine ndinali GS kusekondale. Bwalo lathu linali lafumbi, mizere tinkalemba ndi phulusa, chitsulo cha golo chopindika mbali imodzi moti umayenera kudziwa pochiponyera. Tinkapita kosewera pa lole, titakhala pa matumba a chimanga, tikuimba njira yonse. Sindinkaphonya. Aphunzitsi ena ankati ndipite kukayesa ku timu ya m'tauni, bambo anga anati mwana wamkazi wovala kasiketi kofupika pagulu si wa pakhomo pawo. Nkhani inathera pomwepo. Ndiye usiku, nonse mutapita, bambo a kuno akuonera pa foni yawo, ine ndinatembenukira kukhoma n'kuonera pa yanga. Kanayi. Mwana uja anali ataphonya mipira yambirimbiri usiku umenewo, koma itafika nthawi anaufunabe mpira. Amene anaimapo pansi pa golo anthu akukuwa amadziwa kuti dzanja limalemera bwanji nthawi imeneyo.

Ndiye ndakwiya, inde. Ndakwiya kuti masewero ngati amenewo anachitikira m'nyumba mwanga, pa TV yanga, ine ndili ndi mthiko m'manja kuseri kwa khoma.

Anangozo, Elkhart:
Mayo ine. Achemwali, zimenezi simunatiuzepo.

Abanda, Mishawaka:
Zaka 24 tili limodzi, za GS ndimazidziwa, koma za lole ndi bambo ndikuzimva lero. Ndilibe mawu amayi. Ndinkaona ngati mpira simuufuna.

Anaphiri, Mishawaka:
Munandifunsapo?

Malume a ku Zomba:
Mphwanga, zimenezo ndikuzikumbuka. Ndinalipo tsiku limene alamu anakana, ndipo sindinanene kanthu, ndinali mnyamata. Unkaponya ndithu, anthu ankachoka kumsika kudzakuonera. Nanga si pano tikunyadira ma Queens, sabata ino akuyamba masewero a Commonwealth ku Gold Coast, Mwai Kumwenda akusewera ku Australia ngati ntchito. Nthawi imeneyo ndani ankadziwa kuti mpira wamanja ungamufikitse munthu kutali choncho.

Koma funso lako silinayankhidwe. Ine ndikuti vuto si TV. Vuto ndi lakuti munapangana 5 koloko n'kufika 6. Mukanasunga nthawi, pemphero likanatha, nsima ikanadyedwa yotentha, mbale zikanatsukidwa, nonse n'kukhala pansi limodzi. Mwapita ku America koma wotchi munaisiya ku Chileka.

Amwale, Berrien Springs:
Apo amalume mwalasa. Ine ndinafika 6:40, ndikuvomera. Koma ena timachokera kutali.

Anangozo, Elkhart:
Berrien Springs ndi kutali? Theka la ola? Achimwene a ku Indianapolis amayenda maola pafupifupi atatu koma akabwera amafika oyamba.

Ambewe, South Bend:
Ndawerenga zonse, ndipo mwana wanga wamng'ono, ndakukhululukira. Mapanga awiri avumbwitsa: dzulo tinafuna kupemphera ndi kuonera nthawi imodzi, tinalephera zonse ziwiri, chifukwa ngakhale chigolicho ambiri munachiona ndi diso limodzi. Maganizo anga ndi awa. Chaka chimene Pasaka wagundana ndi masewerowa, tidye 2 koloko masana, tikangochoka kutchalitchi. Wochedwa apeza mkute. Pemphero lichitike TV isanayatsidwe n'komwe. Ndipo ndivomere, popeza tonse tikuulula lero: nditafika kunyumba ndinafunsa mdzukulu wanga kuti andionetse. Mwana uja anaponya bwino.

Chimodzi chokha chikundidetsa nkhawa monga wa CCAP. Notre Dame ndi ya Akatolika. Loyola ndi ya Akatolika, mpaka anali ndi sisitere wa zaka 98, Sister Jean, akuwapempherera pambali pa bwalo ali pa njinga ya olumala. Villanova imene ikusewera lero ndi ya Akatolikanso. Kodi ife a Chipresibateriya tinalakwa chiyani?

Anaphiri, Mishawaka:
Kkkkk aMbewe, mapemphero athu ndi aafupi, amafika msanga.

Anankhoma, Leeds:
Ndafa ine. Koma musathawe nkhani ya ophika. Kudya 2 koloko ndi bwino, koma ngati ophika ndi omwewo, otsuka ndi omwewo, ndiye kuti 6 koloko idzawapeza pa sinki. Mulembe pompano kuti ndani adzachita chiyani, chaka chamawa ndidzakukumbutsani, uthengawu ndausunga.

Achimwene a ku Indianapolis:
Ine mbuzi ndi kuotcha ndatenga. Nsima sindilonjeza, yanga imatuluka ndi mabulu.

Amwale, Berrien Springs:
Mbale ndi zanga ndi anyamata anga awiri. Koma tisapite patali, lero lomwe pali nkhani. Michigan ndi Villanova ku San Antonio, 9:20 usiku. Ndikudziwa kuti aliyense akuti tifa, Villanova inaponya ya mapointi atatu 18 pa Kansas Loweruka, ndinaonera ndekha Sabata litatha ndipo ndinachita mantha. Koma tili ndi Moritz Wagner, mnyamata wa ku Germany uja, ndipo chikho sitinachione chiyambire 1989. TV yanga ndi yaing'ono. Tionera kuti? Mawa ndi ntchito, kuno Lolemba la Pasaka kulibe, koma tulo tidzagona mu May.

Malume a ku Zomba:
Imeneyo ndi 3 koloko ya m'bandakucha kuno. Chonde, wina asalembenso "YALOWA" pa gulu. Magetsi akakhalapo ndidzaona m'mawa.

Abanda, Mishawaka:
Amayi, kodi ndingawaitane kuno? Ndikufunsa pagulu kuti pakhale mboni.

Anaphiri, Mishawaka:
Abwere. Koma mvetsetsani. Mitanda 14 ya dzulo ili mufiriji, mudya imeneyo, muitenthetse nokha. Nyama yambuzi yatsala poto mmodzi, ya aNangozo ndapatula kale, musaikhudze. Mpando wapakati uja woyang'anana ndi TV ndi wanga, rimoti ikhala ndi ine, ndipo mwana wanga akhala pambali panga kuti azindiuza malamulo. Alamu anga a ku Niles ndawaimbira, akubwera, nawonso sakulowa m'khitchini.

Nabanda wamng'ono, South Bend:
Amayi, anyamata amasewera zigawo ziwiri za mphindi 20, osati makota anayi. Ndikuuziranitu.

Anaphiri, Mishawaka:
Udzandiuza komweko. AMwale, popeza mwadzipereka, musadikire chaka chamawa. Mapoto awiri a nsima aja ndangowaviika m'madzi, nkhoko zikadali momwemo. Mufike 8 koloko kuti muthane nawo mpira usanayambe. Sopo ali pansi pa sinki, kumanzere.